Maso a Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane

Amayi, mwana akabadwa masiku asanakwane, mtima wathu wonse umakhala pa zinthu zitatu. Kodi akupuma bwino? Kodi akuyamwa? Kodi sikelo ikukwera? Zimenezi n'zofunikadi. Koma pali chinthu chachinayi chimene ambiri sitichiganizira mpaka nthawi itatha. Chinthucho ndi maso ake.

M'sewero la pawailesi lokamba za ana otere mudamva agogo a mwana akuletsa mpongozi wawo kubwereranso kuchipatala. Iwo ankati, "Maso a mwanayu ndi oyera mbee, alibe manthongo, sakufiira. Ndalama ya basi tiwonongerenji?" Pokambirana za seweroli, amayi ambiri adavomera kuti nawonso akadaganiza chimodzimodzi.

Tsono m'mutu uno tifotokoza za matenda a maso amene saoneka kunja. Matendawa amagwira ana obadwa masiku asanakwane. Dzina lake pa Chingerezi ndi retinopathy of prematurity, ndipo mwachidule amalemba ROP. Mukaona zilembo zitatuzi m'buku la kuchipatala la mwana wanu, dziwani kuti akunena matenda amenewa. Akapezeka msanga, maso a mwana amapulumuka. Akachedwa kupezeka, mwana akhoza kuchita khungu la moyo wake wonse.

Kodi matendawa amakhala pati?

Tikayang'ana diso la munthu timaona mbali yoyera, mbali yakuda, ndi kadontho kakuda bii pakati, kamene timati kamwana ka diso. Kadonthoka ndi kazenera kolowera kuwala. Kuwala kukalowa kumakafika kumbuyo kwenikweni, m'kati mwa diso. Kumeneko kuli kansalu kopyapyala kwambiri koyalidwa pakhoma la diso. Dzina lake ndi retina. Kansalu kameneka ndi kamene kamalandira chithunzi cha zonse zimene tikuona, n'kuchitumiza ku ubongo. Diso likhoza kuoneka lokongola kunja, koma ngati kansaluka kawonongeka, munthu saona.

Kansaluka kamalandira chakudya ndi mpweya kudzera m'timitsempha ta magazi. Timitsemphati timayamba kumera mimba ili ndi masabata 16. Timayambira pakati, kumbuyo kwa diso, n'kumayanga pang'onopang'ono kulowera m'mbali, monga mmene dzungu limayangira kuchokera paphando. Timafika m'mphepete monse mimba ikakwana masabata 40, ndiye kuti miyezi 9.

Nanga chimachitika n'chiyani mwana akabadwa msanga?

Mwana wobadwa pa miyezi 7 amabadwa timitsempha tija tili pakati pa ulendo. Pakati pa kansalu pamakhala pali magazi, koma m'mphepete mulibe. Kunja kuno sikufanana ndi m'mimba. Mpweya ndi wochuluka kusiyana ndi umene mwana ankalandira m'mimba, chakudya chochokera kwa mayi kudzera mumchombo chaduka, ndipo mwana amadwaladwala. Chifukwa cha zimenezi timitsempha tija timaima, osakulanso.

Pakapita masabata angapo mwana amakula, diso nalonso limakula. Mbali ija yopanda magazi imayamba kumva njala. Imatulutsa madzi ena a m'thupi oitana timitsempha kuti tibwere msanga. Mwa ana ambiri timitsemphati timayambiranso kuyanga bwinobwino mpaka kufika m'mphepete, ndipo vuto limatha lokha.

Koma mwa ana ena timamera mosokonekera. M'malo motsata khoma la diso, timaunjikana pamalo amodzi n'kulowera m'kati. Timakhala tofooka, ndipo timatha kuchucha magazi. Kenaka pamachita chipsera. Mukudziwa mmene chipsera cha moto chimakokera khungu la pathupi. M'disomo chipsera chimakoka kansalu kaja mpaka kumatuka, monga dothi lomata limamatukira pakhoma la nyumba. Kansalu kakamatuka konse, mwana saonanso, ndipo n'kovuta kwambiri kukabwezeretsa.

Zonsezi zimachitika mwana osamva kupweteka. Salira nazo, satentha nazo thupi, diso silifiira. Akuluakulu adati tsoka silinunkha. N'chifukwa chake ngakhale mayi wosamala chotani sangazindikire matendawa poyang'ana. Ngakhale anamwino sangawaone ndi maso okha. Amaonedwa ndi chida choyang'anira m'kati mwa diso basi.

Kodi ndi mpweya wa kuchipatala umene umapha maso?

Funso limeneli amayi amalifunsa kawirikawiri, ndipo ena amafika pokana kuti mwana wawo aikidwe pa mpweya wa okosijeni. Mvetserani mbiri yake kuti mumvetse bwino.

Matendawa adayamba kufotokozedwa m'chaka cha 1942 ndi dokotala wa maso dzina lake Theodore Terry, wa mumzinda wa Boston ku America. M'zaka zimenezo zipatala za kumaiko olemera zinkapatsa ana osakwana masiku mpweya wa okosijeni wambirimbiri, usana ndi usiku, popanda choyezera. Ana ambiri adapulumuka imfa, koma zikwizikwi adachita khungu. Mmodzi mwa iwo ndi woimba wotchuka uja Stevie Wonder, amene adabadwa masiku asanakwane m'chaka cha 1950.

M'chaka cha 1951 dokotala wa ana wa mumzinda wa Melbourne ku Australia, mayi Kate Campbell, adaona kuti ana amene adalandira mpweya wambiri ndiwo ankachita khungu kwambiri. Ena atafufuza adapeza kuti ankanena zoona. Pamenepo zipatala zidayamba kumana ana mpweya. Khungu lidachepadi, koma ana ambiri adamwalira, ndipo ena adalumala chifukwa ubongo wawo udasowa mpweya.

Phunziro lake ndi ili: mpweya wa okosijeni ndi mankhwala. Ukachepa mwana amafa kapena kulumala. Ukachuluka umawononga maso. Umafunika muyeso, monga mchere m'ndiwo. Lero kuli kachida kamene amamangirira kuphazi kapena kudzanja la mwana, koonetsa nambala ya mpweya umene uli m'magazi. Kwa mwana wosakwana masiku amene ali pa okosijeni, anamwino amayesetsa kuti nambalayi ikhale pakati pa 90 ndi 95. Choncho:

Musakane kuti mwana wanu apatsidwe mpweya. Mpweyawo ndiwo ukumusunga moyo.

Musatsegule kapena kutseka nokha pampope wa mpweya, ngakhale mukuona ngati mwana akubanika. Itanani anamwino.

Timapaipi ta m'mphuno tikachoka, kapena makina akamalira, auzeni anamwino msanga.

Dziwaninso kuti mpweya si wokha umene umayambitsa matendawa. Gwero lake lenileni ndi kubadwa msanga. Mwana wamng'ono kwambiri akhoza kudwala ROP ngakhale adasamalidwa bwino kwambiri.

Chifukwa chiyani kale sitinkamva za matendawa?

Kale ana obadwa aang'ono kwambiri ankamwalira m'masiku oyambirira, matendawa asanafike poyamba. Tsopano ambiri akukhala ndi moyo. M'zipatala zathu muli zipinda za ana akhanda, muli mpweya, muli makina othandiza mwana kupuma otchedwa CPAP, monga aja a Pumani amene adayesedwa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'chaka cha 2012. Mulinso chisamaliro cha kangaru. Zimenezi n'zoyamika. Koma ana akamapulumuka ambiri, amene afunika kuyezedwa maso amachulukanso.

Kuno kwathu ana otere ndi ambiri. Lipoti limene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena m'chaka cha 2012 lidasonyeza kuti mwa ana 100 aliwonse obadwa m'Malawi m'chaka cha 2010, ana 18 adabadwa masiku asanakwane. Akatswiri adawerengeranso kuti m'chaka chomwecho cha 2010, padziko lonse ana pafupifupi 20,000 adachita khungu kapena kuwonongeka maso kwambiri chifukwa cha ROP.

Ndi ana ati amene ayenera kuyezedwa?

Mwana aliyense wobadwa mimba isanakwane masabata 37 timati wabadwa masiku asanakwane. Koma si onse amene ali pachiopsezo chofanana. Mwana akabadwa msanga kwambiri, ndiponso akachepa kwambiri sikelo, chiopsezo chimakulanso.

Maiko amasiyana poika malire. Ku Britain amayeza mwana wobadwa asanakwane masabata 31, kapena wolemera kilogalamu imodzi ndi theka kutsika m'munsi. Ku India adaona kuti ana okulirapo nawonso akuchita khungu, ndiye amayeza mpaka ana a masabata 34 ndi a makilogalamu 2. Izi zimachitika kwambiri kumene ana ndi ambiri koma anamwino ndi zida zoyezera mpweya n'zochepa.

Amayi ambiri sadziwa masabata enieni a mimba yawo. Musadandaule. Yang'anani sikelo imene idalembedwa m'buku tsiku limene mwana adabadwa. Funsani za maso ngati mwana wanu:

adabadwa wolemera kilogalamu imodzi ndi theka kapena kucheperapo;

adabadwa wosakwana makilogalamu 2, kapena pa miyezi 7 kapena kuyamba kwa mwezi wa 8, ndipo adagonekedwa m'chipinda cha ana akhanda;

adakhala pa mpweya kapena pa makina opumira masiku ambiri;

adadwala matenda a m'magazi, kapena ankasiyasiya kupuma;

adawonjezeredwa magazi;

sikelo yake inkachedwa kukwera.

Ngati ndi mapasa, onse awiri ayezedwe, ngakhale wina akuoneka wojintcha. Adokotala ndiwo adzagamule ngati mwana afunika kuyezedwa, koma inu musadikire kuti ayambe ndi iwo. Safunsa adadya phula.

Ayezedwe liti?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Matendawa mwana sabadwa nawo. Amayamba kuoneka pakapita masabata angapo, ndipo kawirikawiri amafika poopsa m'masabata oyandikira tsiku lija limene mwana akadabadwa mimba ikadakwana. Nthawi imeneyi ana ambiri amakhala atatulutsidwa kale m'chipatala. Mayi ali kunyumba, mwana akuyamwa bwino, akunenepa, achibale akusangalala. Ndi nthawi yomweyo imene maso ali pangozi.

Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: mwana ayezedwe maso koyamba asanapitirire masiku 30 chibadwire. Adokotala akhoza kusintha tsikuli malinga ndi kuchepa kwa mwana.

Musatuluke m'chipatala musanafunse mafunso atatu awa: Kodi mwana wanga afunika kuyezedwa maso? Tsiku liti? Kuti? Pemphani kuti mayankho ake alembedwe m'buku la mwana.

Si chipatala chilichonse chimene chili ndi dokotala woyeza maso a ana akhanda. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi mbali yoona za maso. Anamwino akuuzeni kumene mungapite ndipo akupatseni kalata. Ngati ndi kutali, kambiranani ndi bambo a mwana ndi achibale za ndalama ya ulendo mudakali m'chipatala. Kuyamba kufunafuna ndalama tsiku litafika ndiko kumachedwetsa mabanja ambiri.

Kodi kuyeza kumachitika bwanji?

Poyamba anamwino amadonthezera mankhwala m'maso mwa mwana kuti kamwana ka diso kakule, kazenera kaja katseguke. Mankhwalawa amatenga theka la ola kapena ola lathunthu kuti agwire ntchito. Pezani pokhala, mudikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani anamwino nthawi yoyenera kuyamwitsa, chifukwa mwana akayezedwa atangokhuta akhoza kusanza.

Kenaka mwana amakulungidwa bwino m'nsalu. Amamudonthezera mankhwala ena ochititsa dzanzi. Adokotala amaika kachida kakang'ono kogwira zikope kuti zisatsekeke. Iwo amavala nyali pamutu, n'kugwira galasi m'manja, n'kuyang'ana m'kati mwa diso mbali zonse. Zipatala zina zimajambula m'kati mwa diso ndi kamera. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa chabe.

Mwana amalira, ndipo kwa mayi n'zomvetsa chisoni kuona. Sakonda kugwiridwa ndi kuwala kwa nyali. Koma kachida kaja sikaboola diso, ndipo nyali siiwononga maso. Timadontho ta mkaka wanu wokama tikaikidwa pakamwa pake timathandiza kumutonthoza. Akamaliza, muikeni pachifuwa panu.

Tsiku limenelo zikope zikhoza kutupa pang'ono kapena kufiira, ndipo kamwana ka diso kamakhalabe kakakulu kwa maola angapo. Musamuike padzuwa. Zimenezi zimatha zokha. Koma mukaona kuti akusiya kupuma, akusintha mtundu, akukana kuyamwa kapena mimba yatupa, auzeni anamwino nthawi yomweyo.

Adokotala angakuuzeni chiyani?

Akhoza kukuuzani chimodzi mwa zinthu zinayi.

Choyamba: timitsempha tafika kale m'mphepete. Ngozi ya ROP yatha.

Chachiwiri: matenda palibe, koma timitsempha sitinamalize kuyanga. Mubwerenso. Apa ndi pamene amayi ambiri amasocherera. Amangomva mawu akuti "palibe matenda" n'kupita osabweranso. Palibe lero, koma akhoza kuyamba sabata lamawa.

Chachitatu: matenda alipo koma ndi ochepa. Madokotala amagawa matendawa m'magawo 5. Gawo 1 ndi gawo 2 kawirikawiri amatha okha popanda mankhwala. Komabe palibe amene angadziwiretu kuti mwa mwana uyu atha, mwa uyu akula. N'chifukwa chake amakuitanani pakatha sabata limodzi kapena awiri, mpaka timitsempha titamaliza ulendo wake.

Chachinayi: matenda akula, mwana afunika chithandizo. Izi zimachitika kawirikawiri pa gawo 3, kapena pamene mitsempha ya kumbuyo kwa diso yatupa n'kupotanapotana. Gawo 4 ndi pamene kansalu kayamba kumatuka. Gawo 5 ndi pamene kamatuka konse. Cholinga cha maulendo onse aja n'chakuti matenda agwidwe asanafike pa gawo 4.

Mukauzidwa kuti mwana afunika chithandizo, chichitike pasanathe masiku 3. Matendawa akafika apa amathamanga. Ino si nthawi yoti mupite kaye kumudzi kukafunsa amalume a mwana n'kudzabwera mwezi wamawa. Imbani foni, kambiranani tsiku lomwelo.

Kodi amachiza bwanji?

Njira yoyamba ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser. Adokotala amalunjika kuwalaku pa mbali ija ya m'mphepete yopanda magazi, imene ikuitana timitsempha tosokonekera. Mbaliyo ikawauka imasiya kuitana, ndipo timitsempha toipa timafota. Zili ngati kutentheratu udzu m'mphepete mwa nkhalango kuti moto wolusa usadzalowe. Pakati pa kansalu, pamene mwana adzaonere nkhope yanu ndi zilembo za m'buku, pamasiyidwa bwinobwino. Diso siling'ambidwa ndipo silichotsedwa. Mwana amapatsidwa mankhwala ogonetsa kapena oletsa ululu. Pambuyo pake mumapatsidwa mankhwala odonthezera m'maso, ndi tsiku lobwererako.

Njira yachiwiri ndi jakisoni wa m'diso. Ndi kasingano kakang'ono kwambiri amalowetsa kadontho ka mankhwala oletsa madzi aja oitana timitsempha. Njirayi idayamba kufala pambuyo pa kafukufuku wa ku America amene zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2011. Imachitika msanga ndipo imathandiza kwambiri matenda akakhala kumbuyo kwenikweni kwa diso. Koma mphamvu ya mankhwalawa imatha, ndipo matenda akhoza kuyambiranso pakapita masabata kapena miyezi. Mwana wobayidwa jakisoni afunika kumayezedwabe kwa miyezi yambiri, ndipo ena amadzafunikanso laser.

Laser isanafale, madokotala ankaziziritsa mbali ija ndi chida chozizira kwambiri. Kafukufuku wa m'chaka cha 1988 ndiye adasonyeza koyamba kuti njira imeneyi imapulumutsa maso a ana ambiri. Lero siigwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Kansalu kakayamba kumatuka pamafunika opaleshoni yaikulu. Madokotala odziwa opaleshoni imeneyi ndi ochepa, ndipo ngakhale ichitike, ana ambiri saona bwino. Koma ana ambiri othandizidwa pa nthawi yake amakula akuona.

Zimene inu mungachite

Mkaka wa m'mawere. Ana oyamwa mkaka wa mayi awo sadwaladwala, amakula bwino, ndipo sagwidwa kawirikawiri ndi ROP yoopsa. Ngati mwana sangathe kuyamwa, kamani mkaka kuyambira tsiku loyamba, usana ndi usiku, kuti apatsidwe ndi kapu kapena kapaipi.

Kangaru. Ikani mwana pachifuwa panu, thupi lake likhudzane ndi lanu, maola ambiri patsiku. Njirayi idayambira mumzinda wa Bogotá ku Colombia m'chaka cha 1978. Imafunditsa mwana, imamuthandiza kupuma bwino ndi kukwera sikelo. Bambo ndi agogo akhoza kulandizana nanu.

Ukhondo. Sambani m'manja ndi sopo musanagwire mwana. Alendo asamulandizane m'manja, ndipo wa chimfine asamuyandikire. Matenda a m'magazi amakulitsa ngozi ya maso.

Buku la mwana. Lisungeni pouma ndipo muzilitenga paulendo uliwonse. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu tsiku loyezetsa maso kuti akukumbutseni. Mukaphonya tsiku, musachite manyazi kapena kuopa kukalipiridwa. Pitani m'mawa mwake.

Pa mimba ina, yambani sikelo msanga. Imwani mankhwala oteteza malungo, gonani m'masikito, yezetsani chindoko ndi kuthamanga kwa magazi. Mukamva zowawa kapena madzi akatuluka masiku asanakwane, thamangirani kuchipatala. Kumeneko kuli jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana asanabadwe, ndipo mwana wa mapapo okhwima safuna mpweya wambiri.

Mafunso ena amene amayi adafunsa

"Mwana wanga adamupaka kale mankhwala m'maso atangobadwa. Kodi si zomwezo?" Ayi. Mankhwala aja amateteza kunja kwa diso ku tizilombo toyambitsa mafinya. Safika kumbuyo kumene kuli kansalu.

"Nanga ndikamudonthezera mkaka wa m'mawere?" Mkaka ndi wa pakamwa. Musaike mkaka, madzi a shuga, mkodzo, kapena madzi a masamba ndi mizu m'maso mwa mwana. Sizichiza ROP, ndipo zina zimawotcha diso.

"Apongozi akuti ndi tsempho, ena akuti ndidaona zoipa ndili ndi pakati." Matendawa sabwera chifukwa cha tsempho, ufiti, kapena cholakwa cha mayi kapena bambo. Sapatsirana. Amabwera chifukwa diso lidabadwa lisanamalize kukula.

"Mwana wanga amaphethira ndikamuunika, ndiye kuti akuona." Kuphethira sikusonyeza kuti m'kati muli bwino. Mwana amene matenda ake akukula amaphethirabe mpaka kansalu katamatuka.

"Kodi nyali ya buluu ya ana a chikasu ndiyo imayambitsa?" Ayi. Pa nyali ija ana amaphimbidwa maso powateteza ku kuwala kwake, koma si imene imayambitsa ROP.

Mwana akamakula

Mwana wobadwa masiku asanakwane afunika kumaonedwabe maso akamakula, ngakhale ROP idatha yokha kapena idachizidwa. Ana otere kawirikawiri amavutika kuona zakutali ndipo amafuna magalasi adakali aang'ono. Musaope kumuveka magalasi. Ubongo umaphunzira kuona m'zaka zoyambirira, ndipo diso losathandizidwa pa nthawi imeneyo limafooka mpaka kalekale.

Pitani naye kuchipatala msanga mukaona izi:

kamwana ka diso kakuoneka koyera;

maso akugwederagwedera, osakhazikika;

diso lina lapotokera m'kati kapena kunja;

sakuyang'ana nkhope yanu kapena kutsata chinthu ndi maso patatha miyezi 3 kuchokera pa tsiku limene akadabadwa;

amakonda kudzitosa m'maso ndi zala;

amayandikitsa zinthu kumaso kwambiri, kapena amagundagunda zinthu akayamba kuyenda.

Kuyera kwa kamwana ka diso kukhozanso kukhala ng'ala kapena khansa ya m'diso. Zonsezi zimafuna dokotala msanga, ngakhale mwana adabadwa masiku atakwana.

Ngati mwana wanu adachita kale khungu, musamubise m'nyumba ndipo musadziimbe mlandu. Pitani nayebe kwa adokotala a maso, chifukwa ana ena amakhala ndi kuona pang'ono kumene kungathandizidwe. Muzimulankhula, kumuimbira ndi kumugwiritsa zinthu m'manja. Ana osaona amaphunzira sukulu powerenga ndi zala zilembo za Braille. Kuli sukulu monga ya Chilanga ku Kasungu ndi ya Lulwe ku Nsanje zophunzitsa ana otere.

Kumbukirani

1. ROP imagwira ana obadwa masiku asanakwane, ndipo siioneka kunja kwa diso.

2. Mwana ayezedwe maso koyamba asanapitirire masiku 30 chibadwire.

3. Kuyeza kamodzi sikukwana. Bwererani tsiku lililonse limene mwauzidwa mpaka adokotala anene kuti ngozi yatha.

4. Chithandizo chikafunika, chichitike pasanathe masiku 3.

5. Musakane mpweya, ndipo musausinthe nokha.

6. Musaike chilichonse m'maso mwa mwana chimene simunapatsidwe kuchipatala.

Mafunso okambirana pagulu

Kodi m'mudzi mwanu anthu amati chimachititsa mwana wakhanda khungu n'chiyani? Mungawayankhe bwanji tsopano?

Ndi zinthu ziti zimene zingalepheretse mayi kubwerera kuchipatala pa tsiku limene adauzidwa? Bambo, agogo ndi anansi angathandize bwanji?

Kodi mukudziwa mayi amene wabereka mwana wosakwana masiku mwezi uno? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukachoka pano, kamufunseni ngati maso a mwana wake adayezedwa.